Chaka cha 2012 monga ndinachionera pa chigayo cha amalume ku Thyolo

Amalume anga anali ndi chigayo cha dizilo m'mudzi wina wa kufupi ndi Goliati, m'dera la Mfumu Chimaliro. M'chaka cha 2012 ine ndinali nditamaliza Fomu 4, ndipo poti kunalibe kwina kolowera, anandiika kukhala kalaliki wawo. Ndinkayeza chimanga m'ndowa, ndinkalandira ndalama, ndinkalemba m'kope maina a ogayitsa pa ngongole, ndiponso ndine amene ndinkatumidwa kukasaka mafuta. N'chifukwa chake anthu akamakamba za chaka chimenecho, chimene dziko linaika m'manda pulezidenti mmodzi, kulumbiritsa wina, kusintha ndalama ndi kusintha mbendera miyezi iwiri isanathe, ine chimene chimayamba kundifika m'mutu ndi kulira kwa injini ija, pamodzi ndi masiku ambiri amene inkangokhala chete.

Chaka chinatipeza chigayo chili chotseka. Mafuta anali atayamba kale kusowa, ndipo pofika Januwale anthu anali atazolowera kuona magalimoto akugona pa mzere m'malo omwetsera mafuta ku Limbe, ku Bvumbwe ndi ku Luchenza, eni ake atapita kukasamba n'kusiya anyamata olondera. Gwero la vutoli linali kusowa kwa ndalama zakunja. Fodya, amene amabweretsa madola ambiri m'dziko muno, sanagulidwe bwino mu 2011. Mayiko amene ankathandiza bajeti ya boma anali atasiya kupereka, kutsatira kuthamangitsidwa kwa kazembe wa Britain, a Fergus Cochrane-Dyet, mu Epulo chaka chomwecho, komanso kuphedwa kwa anthu pa zionetsero za pa 20 Julaye. Pamwamba pa izi, Pulezidenti Bingu wa Mutharika ankakanitsitsa uphungu wa bungwe loona za chuma padziko lonse la IMF woti kwacha ichepetsedwe mphamvu. Ku banki dola imodzi inali pafupifupi K167, koma dolayo ku bankiko kunalibe, ndipo woifuna ankaipeza kwa anyamata a m'misewu pa mtengo wokwera kwambiri. Zonsezi ndinadzazimvetsa pambuyo pake. Panthawiyo chimene ndinkaona ndi amayi obwera ndi madengu pamutu, n'kupeza loko pachitseko, n'kubwerera kukafukula mitondo ndi minsi imene inali itaiwalika kuseri kwa nkhokwe.

Dizilo wathu ankachokera ku Mozambique. Ndinkanyamuka kusanache, zigubu ziwiri ndili nazo m'saka, kukwera kabaza mpaka pa msewu wa Midima, kenako minibasi yodzera pa Nkando, pa Chitakale ndi pa Limbuli mpaka ku Muloza. Kumalireko kunali anyamata amene ankaolotsa mafuta kuchokera ku Milange, ndipo malondawo ankachitikira kuseri kwa nyumba, wogula ndi wogulitsa aliyense maso ali kumsewu. Ndikafika nawo kunyumba, amalume ankathira pang'ono pachikhatho, n'kununkhiza, n'kufikisa ndi zala, chifukwa ogulitsa ena ankasakaniza ndi parafini. Tsiku lina anandipusitsadi, pampu ya injini inawonongeka, ndipo tinakhala sabata yathunthu osagaya. Amalume sanandikalipire. Anangoti, "Mphwanga, usadandaule, olakwa ndi azungu amene akufuna kugwetsa munthu wathu." Atatero anandiuza kuti ndipukute chithunzi cha a Bingu chimene chinali pakhoma, pamwamba pa tebulo langa. Imeneyo inali ntchito yanga ya m'mawa uliwonse, poti m'chigayo chilichonse chimayera ndi ufa.

Munthu amene sanakulire kuno angadabwe kuti zimatheka bwanji kuti bizinesi ya munthu izifa chifukwa cha mfundo za mtsogoleri, mwiniwakeyo n'kumapukutitsabe chithunzi cha mtsogoleriyo. Kuti amvetse ayenera kukumbukira njala ya 2002 ndi ya 2005, pamene anthu kwathu ankadya nthochi zosakhwima ndi madeya, kenako n'kukumbukira makuponi a feteleza wotsika mtengo amene anayamba mu 2005. Kwa mwini chigayo, zaka zotsatirazo zinali za phwando, chifukwa mabanja amene kale chimanga chinkawathera mu Ogasiti anayamba kugayitsa mpaka dzinja. Ku Thyolo malo olima ndi ochepa, poti nthaka yabwino yambiri ili pansi pa tiyi, choncho thumba limodzi la feteleza pa kamunda kakang'ono limasintha chaka chonse cha banja. Ayenera kukumbukiranso kuti Alhomwe, amene makolo awo anachokera ku Mozambique n'kudzagwira thangata m'maesiteti a azungu, anakhala zaka zambiri akubisa mtundu wawo poopa kutchulidwa dzina lachipongwe lija. Agogo anga ankalankhula Chilhomwe ndi anzawo okhaokha, ndipo mlendo akafika ankachitembenuza msanga. A Bingu, mwana wa m'boma lomwe lino, anayambitsa Mulhako wa Alhomwe, ndipo mwadzidzidzi anthu a maudindo anayamba kuvina tchopa poyera pa Chonde ku Mulanje. Komanso ku Ndata, ku famu ya a Bingu, kumene tinkafikako wapansi, Matchaina anali akumanga yunivesite. Kwa amalume, kudzudzula munthu ameneyo kunali ngati kunyoza mbale imene wadyeramo.

Koma miyezi itatu yoyambirira ya chakacho inali yovuta kuiteteza, ngakhale kwa iwo. Mu Januwale mavenda ena ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Blantyre anayamba kuvula amayi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi, ngati kuti lamulo la kavalidwe la nthawi ya Kamuzu linali litabwerera, mpaka amayi anakasonkhana ku Blantyre kutsutsa nkhanzazo. Ogwira ntchito m'makhoti ananyanyala kuyambira Januwale mpaka Malichi, ndipo anthu ankangodzaza m'zitolokosi popanda wowaweruza. Odzudzula boma ankamangidwa: a Ralph Kasambara anamangidwa mu Febuluwale, a John Kapito ndi a Atupele Muluzi mu Malichi. Shuga, amene timalima tokha ku Nchalo ndi ku Dwangwa, nayenso anayamba kuimiridwa pa mzere. Usiku umodzi wokha ndi umene ndimakumbukira mudzi wonse ukusangalala pamodzi, pa 12 Febuluwale, pamene tinapanikizana m'nyumba ya kanema pa Goliati, jenereta ikulira kunja, kuonera Zambia ikugonjetsa Ivory Coast pa mapenote ku Libreville. Chikho chinali cha eni ake, koma tinakuwa ngati ndi chathu. Pakati pa Malichi, bungwe la zipembedzo la PAC linachititsa msonkhano ku Limbe n'kuuza pulezidenti kuti atule pansi udindo m'masiku 60, apo ayi aitanitse riferendamu m'masiku 90. Masiku 60 amenewo sanakwane.

Pa 5 Epulo linali Lachinayi Loyera. Tinali ndi dizilo tsiku limenelo, mzere wa ogayitsa ufa wa Pasaka unali wautali, ndipo cha kumasana mnyamata wina wa kabaza anafika n'kunong'oneza amalume kuti bwana agwa ku nyumba ya boma ku Lilongwe ndipo athamangira nawo ku chipatala cha Kamuzu Central. Amalume anamuthamangitsa ngati wanena zotukwana. Madzulo wailesi ya boma inati pulezidenti wadwala ndipo apita naye ku South Africa. Lachisanu, pa Njira ya Mtanda, anthu ankagwada pa siteshoni iliyonse uku akusuzumira mafoni awo, chifukwa mawailesi akunja anali atanena kale kuti munthuyo wamwalira. Usiku wa tsiku lomwelo nduna zisanu ndi imodzi, motsogozedwa ndi Mayi Patricia Kaliati a ku Mulanje, zinaonekera pa MBC n'kunena kuti Mayi Joyce Banda, amene anali wachiwiri kwa pulezidenti, sangalowe m'malo mwa pulezidenti poti anayambitsa chipani chawo, koma za moyo wa pulezidentiyo sizinanene chomveka.

Pa zonse za chakacho, masiku awiri amenewa ndi amene anawapweteka kwambiri amalume, ndipo ndikuganiza kuti anthu a m'tauni sanamvetse chifukwa chake. Kumudzi maliro ali ndi dongosolo lake. Munthu akatsikira kuli chete, eni mbumba amakauza mfumu, mfumu imatumiza uthenga, ndipo pokhapo m'pamene amayi amayamba kulira ndi amuna kusonkha moto wa pasiwa. Uthenga usanaperekedwe, sulira, ngakhale ukudziwa. Choncho dera lonse linakhala masiku awiri misozi ili m'khosi, likudikira chilolezo kwa anthu amene anali otanganidwa ndi kuwerengera mipando. Loweruka, boma litalengeza, amalume anakhala pa thumba la madeya n'kunena kuti, "Munthu wamkulu sasungidwa chonchi ngati katundu." Amene ankawanenawo anali anthu a chipani chawo chomwe. Ngakhale tsiku la imfa linkasinthasintha pakati pa 5, 6 ndi 7, mpaka komiti yofufuza inadzatsimikiza chaka chotsatira kuti anamwalira pa 5 pomwepo.

Madzulo a Loweruka lomwelo, pa 7 Epulo, Mayi Joyce Banda analumbira ku Nyumba ya Malamulo pamaso pa mkulu wa oweruza milandu, a Lovemore Munlo, asilikali motsogozedwa ndi General Henry Odillo ataonetsa kuti aima ndi malamulo a dziko. Gawo 83 la malamulowo limanena momveka kuti mpando ukakhala wopanda munthu, wachiwiri ndiye amalowapo, ndipo silifunsa kuti ali chipani chiti. Ine ndinali wamng'ono, koma ndinamva kupepukidwa kumene sindikanatha kukuonetsa m'nyumba imene munali maliro. Amayi anga, mlongo wawo wa amalume, anamvetsera mwambo wonse wailesi ili pamwendo, ndipo utatha anangoti, "Achimwene, lero mbumba yalowa m'bwalo." Amalume sanayankhe.

Tinaika maliro ku Ndata Lolemba pa 23 Epulo. Ndikuti tinaika chifukwa mudzi wonse unapita, wapansi, kudutsa m'minda ya chimanga chouma ndi nandolo, amayi atavala nsalu zabuluu za DPP, chipani cha a Bingu. Manda anali okonzedwa kale, nyumba yoyera ija ya Mpumulo wa Bata imene a Bingu anamangitsa mkazi wawo woyamba, Mayi Ethel, atamwalira mu 2007. Ife anthu wamba tinaima kutali, dzuwa likutiwotcha, tikumvera misa pa zokuzira mawu. Kunabwera atsogoleri a mayiko ena, kuphatikizapo a Armando Guebuza a ku Mozambique ndi a Jakaya Kikwete a ku Tanzania. Ndiulule kuti pamene ena ankapukuta misozi, ine maso anali pa magalimoto. Sindinaonepo magalimoto ochuluka chotero pa malo amodzi, ena injini zikungolira chabe kuti mabwana akabwerera apeze mukuzizira, ndipo monga munthu amene ankayenda ulendo wa tsiku lonse kukasaka zigubu ziwiri, ndinkangowerengera malita. Dziko la Zambia linali litapereka mafuta okwana malita 5 miliyoni kuti atithandize pa nthawi ya malirowo, ndipo amene anawatumiza anali a Michael Sata, omwe boma la a Bingu linawabweza pa bwalo la ndege la Chileka mu 2007 akadali otsutsa boma kwawo.

Pobwerera tinayenda ndi mayi wina wachikulire amene ankagayitsa kwathu. Iye ananena zimene ine ndinkalephera kuzilumikiza. Anati munthuyo anatidyetsa, ndipo munthu yemweyo anatitopetsa, ndiye iye walira woyambayo. Kwathu panthawiyo munthu ankaloledwa kunena theka loyamba lokha. Ku Blantyre, kumene tinkamva kuti ena anakondwera m'mabala, ankaloledwa kunena theka lachiwiri lokha. Mpaka lero sindinamvepo wandale aliyense akunena mbali ziwirizi pa mpweya umodzi monga anachitira mayi uja, nkhuni zili pamutu, poti anatolera pobwerera.

Zotsatira zake zinabwera mothamanga. Mkulu wa apolisi anasinthidwa n'kukhala a Lot Dzonzi, ku Reserve Bank kunalowa a Charles Chuka, ubale ndi Britain unabwerera, ndipo lamulo lopatsa nduna mphamvu yotseka nyuzipepala linachotsedwa. Aphungu ambiri amene pa 23 Epulo anali mu zabuluu anapezeka atavala zaolenji za PP, chipani cha Mayi Banda, mwezi usanathe, gawo 65 loletsa kusintha chipani likungowayang'ana. Pa 7 Meyi kwacha inachepetsedwa mphamvu kufika pa K250 pa dola imodzi, n'kusiyidwa kuti msika uziipatsa mtengo. Kenako mafuta anayamba kupezeka. Tsiku loyamba limene ndinagula dizilo pa pampu ku Luchenza popanda mzere, ndinaima kaye ndikuyang'ana manambala akuzungulira ngati mwana. Maulendo a ku Muloza anathera pomwepo, ndipo chigayo chinayamba kulira tsiku ndi tsiku.

Komabe m'kope langa la ngongole munayamba kulembedwa nkhani ina. Dizilo wa pa pampu anayamba kukwera mwezi ndi mwezi, ife tinakweza mtengo wogayitsira, ndipo amayi amene ankabwera ndi ndowa yodzaza anayamba kubwera ndi kabeseni. Ena ankapempha kuti atisiyire madeya m'malo mwa ndalama. Amene ndinkawamvera chisoni kwambiri anali othyola tiyi. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje amagulitsidwa m'madola, kaya pa okushoni ya ku Limbe kaya mwachindunji kunja, choncho kugwa kwa kwacha kunapatsa mpumulo ogulitsa. Koma mayi amene amalowa m'munda mame ali thoo, dengu lili kumsana, amalandira makwacha, ndipo malipiro ake sankathamanga monga unkathamangira mtengo wa sopo, mchere ndi parafini. Pofika Disembala dola inali itadutsa K300 ndipo kukwera kwa mitengo kunali kutapitirira 30 peresenti. Sindikunena kuti a Bingu ankalondola, chifukwa ndinaona ndi maso anga kuti mtengo wa K167 unali wa papepala chabe, ndipo ife tinali titayamba kale kulipira mtengo weniweni kuseri kwa nyumba ku Muloza. Chimene ndikunena n'chakuti mankhwalawo anali ofunika, koma amene anamwa chowawa chake chambiri ndi anthu amene sanadwalitse dzikolo.

Mwezi womwewo wa Meyi kunatuluka ndalama zatsopano, zazing'ono kuposa zakale, ndipo kwa nthawi yoyamba tinaona K1,000 yokhala ndi nkhope ya Kamuzu. A John Chilembwe, amene kale anali pa ndalama zonse zapepala, anatsala pa K500, ndipo pa K200 panabwera Mayi Rose Chibambo. Ndalamazi zinakonzedwa a Bingu akadali moyo, koma pa chigayo palibe amene ankafuna kumva zimenezo. Kwa ogayitsa zinali ndalama za Amayi, ndipo gogo wina, atatembenuza K50 yatsopano kangapo, anandifunsa ngati aichepetsa dala kuti ifanane ndi zimene ikugula. Pa 28 Meyi aphungu anavomereza kubwezeretsa mbendera ya dzuwa lotuluka, imene a Bingu anaisintha mu 2010 n'kuikapo dzuwa loyera lathunthu ponena kuti dziko latukuka. Pa sukulu ya pulaimale ya kwathu sanavutike kusaka, poti mphunzitsi wamkulu anali atapinda yakale ija n'kuisunga m'kabati, ngati munthu amene ankadziwa kuti idzafunikanso.

Nkhani za kunja zinkatifika pa wailesi basi. Msonkhano wa African Union umene unayenera kuchitikira ku Lilongwe mu Julaye unasamukira ku Addis Ababa, boma litakana kulandira a Omar al-Bashir a ku Sudan amene ankafunidwa ndi khoti la ICC. Bungwe la IMF linavomereza ngongole ya pafupifupi madola 157 miliyoni, America inabwezeretsa thandizo la madola 350 miliyoni la magetsi, ndipo Mayi Hillary Clinton anabwera mu Ogasiti. Pa zonsezi amalume ankangoti dziko lagulitsidwa. Nkhani imodzi yokha ndi imene inawaika mbali imodzi ndi pulezidenti watsopano, ndiyo ya nyanja. Tanzania itayambanso kunena kuti malire ali pakati pa madzi, pomwe pangano la 1890 la Britain ndi Germany limawaika m'mphepete mwa gombe la kum'mawa, amalume, amene nyanjayo sanaionepo chibadwire, anakwiya ngati wina wawadulira malire a munda. Ankakumbutsa aliyense kuti a Kikwete omwewo anadya nsima ya maliro ku Ndata miyezi yochepa yapitayo.

Mu Okutobala tinapita ku Chonde. Ng'oma za tchopa zinalira monga mwa nthawi zonse, kalongonda anaphikidwa, koma unali Mulhako woyamba wopanda mwini wake, ndipo maso a anthu anali pa mng'ono wa a Bingu, a Peter Mutharika, phungu wa kum'mawa kwa Thyolo, amene anali atatenga utsogoleri wa chipani. Mwezi womwewo komiti yofufuza imfa ya Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic amene anapezeka atafa pa sukulupo mu Seputembala 2011, inatulutsa lipoti lonena kuti mnyamatayo anachita kuphedwa, osati kudzipha monga zinanenedwera poyamba. Tinamva nkhaniyo injini itazimitsidwa, tikusefa zotsalira. Ndinayembekeza kuti amalume anena za azungu, koma anangofunsa kuti mwanayo anali ndi zaka zingati, n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kutuluka.

Mvula ya chaka chapitacho inali itadula m'madera ambiri a kum'mwera, ndipo pofika kumapeto kwa 2012 anthu pafupifupi 2 miliyoni ankafunika thandizo la chakudya. Chigayo chimadziwa njala msanga kuposa ofesi ina iliyonse. Mu Novembala tinayamba kugaya makaka a chinangwa ochuluka kuposa chimanga, ndipo masiku ena tinkaliza injini kamodzi kokha, madzulo, titasonkhanitsa timabeseni ta tsiku lonse kuti tisawononge dizilo. Makuponi anabwera, thumba la feteleza likadali pa K500, ndipo mikangano ya kwa amfumu yokhudza amene walembedwa ndi amene wasiyidwa inali yomweyo ya zaka zonse. Pakhoma panali zithunzi ziwiri tsopano, chifukwa amalume, ngakhale ankang'ung'udza, ankati malo a bizinesi sakhala opanda chithunzi cha pulezidenti wolamula, komanso chakale chija anakana kuchitsitsa. Ndinkapukuta zonse ziwiri.

Ndinachoka pa chigayo mu Januwale 2013, nditapeza malo a sukulu ku Blantyre, sabata yomwe a John Kapito, omwe aja anamangidwa nthawi ya a Bingu, ankatsogolera zionetsero zodandaula za kukwera kwa mitengo pansi pa boma la Mayi Banda. Amalume anandiperekeza mpaka pa msewu. Anatulutsa ma K1,000 awiri atsopano m'thumba la malaya, onse atayera ndi ufa, n'kundiuza kuti ndikafika ku Limbe ndisalowe m'chigulu cha anthu oguba, koma ndikadutse m'mashopu a zipangizo ndikafunse mtengo wa lamba wa injini, ndipo ndikawaimbire tsiku lomwelo usanakwerenso.